Chala chozizira ndi mlandu wa alamu anga

Loweruka lapitali tinali ku Ilford, kuno ku London, kwa mng'ono wanga Tiyamike. Unali msonkhano wokonza chinkhoswe cha mwana wa mnzathu wina wa kumpingo, koma mukudziwa mmene misonkhano yathu imayendera kunoku. Za chinkhoswe timakamba pang'ono chabe. Zotsalazo ndi za mashifiti, za lendi, ndi za amene wabwezedwa ku ofesi ya mapepala ku Croydon.

Pa shelefu ya pabalaza panali kachipangizo kotuwa, kooneka ngati chopanira zovala pa chingwe. Bambo Nkhoma, mkulu wa mpingo wathu, amene amalondera pamene akumanga bwalo latsopano la mpira ku Wembley, anakatola, nakatsegula, nakapana pa chala chawo.

"Ndiye mlandu wonse uja tinkaupempherera uja," anatero, "unali wa pegi imeneyi?"

Anthu anaseka.

"Ndi yomweyo, bambo," anayankha mwamuna wa Tiyamike, alamu anga a Lameki.

"Nanga chatsopano chimene inu munaikamo n'chiyani?"

"Kamatenthetsa chala pang'ono, kuti magazi aziyenda bwino, makina azitha kuwerenga."

"Basi?"

"Basi."

"Aaa! Ndiyetu ajaji sanalakwe. Chimenecho ngakhale ine ndikanaganiza. Chala chikazizira uchitenthetse. Pamenepa pakufunika sukulu?"

Chiseko chinakula. A Lameki anamwetulira, anasonkhanitsa makapu a tiyi napita nawo kukhitchini, ndipo kumeneko anakhalitsa. Makapu ochepa aja sakanatenga nthawi yonseyo.

Ine sindinaseke. Sindinayankhenso, chifukwa munthu wamkulu sitim'tsutsa pagulu, ndipo Bambo Nkhoma si munthu woipa. Mlanduwo anaupempherera ndi mtima wonse. Koma mawu awo ndakwera nawo sitima ya tramu, ndagwira nawo ntchito, ndadya nawo, ndipo lero ndawabweretsa kwa inu.

Ndiyambe ndakuuzani za pegiyo, popeza si nonse amene mumagwira ntchito m'chipatala.

Ine ndine namwino mu wodi ya anthu okalamba. Wodwala akafika, chimodzi mwa zinthu zoyamba ndi kumupana kachipangizo kotere pa chala. M'kati mwake muli kanyali kofiira mbali imodzi, ndi kadiso mbali inayo. Kuwala kumadutsa m'chala, kadiso kaja n'kuona kuti kwadutsa kochuluka bwanji, ndipo makina amatiuza kuchuluka kwa mpweya wa okosijeni m'magazi, komanso mmene mtima ukugundira. Palibe jakisoni, palibe kutenga magazi. Ndi chinthu chabwino zedi.

Koma chili ndi mdani wake, ndiye kuzizira.

Nyengo ya chisanu timalandira agogo ochokera m'nyumba zimene hita sayatsa poopa bilu. Zala zawo zimakhala ngati zachoka mu filiji. Magazi amakhala athawira m'kati mwa thupi, ndipo kadiso kaja sikaona kanthu. Makina amayamba kulira ngati munthu akutsirizika, chikhalirecho agogowo akukufunsa ngati tiyi wafika. Ndiye timatikita chala. Timathira madzi ofunda mu golovesi, kumanga, n'kuwagwiritsa m'manja. Timayesa chala china. Timayesa khutu.

Choopsa si kutopako ayi. Choopsa n'chakuti makina akalira bodza kawirikawiri, khutu limazolowera. Tsiku limene adzalire zoona, kodi miyendo idzathamanga? Funsani namwino aliyense, akuuzani kuti funso limenelo limamudya.

Tsopano za alamu anga.

A Lameki anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe. Agogo awo anachoka ku Ntcheu wapansi kalekale kukasaka ntchito, ndipo sanabwererenso. Chichewa chawo chili ndi tizidutswa ta Chishona, ndipo ine monga mlamu sindilola kuti kachidutswa ngakhale kamodzi kadutse osakaseka. Anaphunzira zamagetsi ku Harare, ndipo anabwera kuno atalembedwa ntchito ndi kampani ina yaing'ono ya kufupi ndi Croydon, yopanga zipangizo za m'chipatala. Pemiti yawo yokhalira m'dziko muno inamangiriridwa pa kampani imeneyo. Inu amene muli kunoku mukudziwa tanthauzo lake: kampani ikatsokomola, banja lonse limagwidwa chimfine.

Zaka zingapo zapitazo tinali pa tebulo kwa Tiyamike ku Ilford, ine ndikudandaula za zala zozizira monga mwa masiku onse. A Lameki anaika supuni pansi.

"Alamu, nanga bwanji osangoika kahita m'pegimo?"

Ndinaseka mpaka kutsamwa.

"Alamu, inu mukufuna kuwotcha azigogo a eni ake? Khungu lawo lija n'lopyapyala ngati pepala. Kanyali komweko, kakakhalitsa pa chala chimodzi, kamatha kusiya chilonda. Ndiye inu muwonjezerepo moto?"

Ndinali ndi chifukwa choyankhira motero, ndipo namwino aliyense akanayankha chimodzimodzi. Anzawo a kuntchito nawonso anawauza zomwezo. Mainjiniya onse a zipangizozi ankalimbana ndi kuchotsa kutentha m'kapegi kaja. Uyu yekha ndiye ankafuna kuikamo.

Sanasiye. Anapempha abwana awo, mzungu wina wachikulire amene anaiyambitsa kampaniyo m'galaja, kuti awalole kuyesa. Tiyamike anayamba kundiimbira foni modandaula.

"Achemwali, bamboyu wandithera nsawawa za mu filiji. Akumalowetsa dzanja m'thumba la nsawawa zozizirazo mpaka zala kuchita dzanzi, kenaka n'kumadzipana tizinthu take. Dzulo wadzuka ndi thuza pa chala chamkombaphala."

Matuza anachuluka asanapeze njira. Imene anaipeza inali yakuti kahitako kazifunditsa pang'onopang'ono, ndipo kadiso kaja kakangoona kuti magazi abwerera, kahita kazizima kokha, komanso kasapyole mlingo wina wa kutentha zivute zitani. Kampani inatenga patenti, ndipo dzina la a Lameki linalembedwa pamenepo monga mmodzi mwa otulukira.

Patenti ndi pangano la pakati pa wotulukira chinthu ndi boma. Iwe uulula poyera mmene chinthu chako chimapangidwira, boma likupatsa zaka zakutizakuti zoti palibe wina apange kapena kugulitsa chinthucho popanda chilolezo chako. Ndi mpanda, tinene choncho. Koma mpanda umenewu saupereka pa chinthu chilichonse. Chinthucho chikhale chatsopano, komanso chisakhale chodziwikiratu kwa anthu odziwa ntchitoyo.

Pa mawu akuti chodziwikiratu ndi pamene panagona nkhani.

Kapegi kofunditsa kanayamba kugulidwa. Mu wodi yathu kanafika, ndipo ndikuchitira umboni kuti magolovesi a madzi ofunda anachepa. Posakhalitsa kampani ina yaikulu ya kunja inatulutsa kake, kofanana ndithu. Kampani ya a Lameki inakasuma. Yaikuluyo sinataye nthawi kukana kuti zikufanana. Inangoti: patenti imeneyi siinayenere kuperekedwa n'komwe, chifukwa nzeru yake inali yodziwikiratu.

Tsiku limene a Lameki anaitanidwa kukapereka umboni ndinali pa ofu, ndiye ndinawaperekeza. Tiyamike sakanatha kujomba kuntchito, anangondiuza kuti, "Mukawayang'ane, akachita mantha amayamba kulankhula mothamanga."

Ndinkayembekezera khoti ngati la m'mafilimu, la kukuwa ndi kumenya tebulo. Ayi ndithu. Chinali chipinda chabata, chodzadza mafayilo, anthu a mawigi akulankhulana mwaulemu ngati ali pa maliro. Ndinamvamo chinthu chimene sindinkachidziwa. Woweruza safunsa kuti kodi iyeyo akanaganiza zimenezi. Safunsanso kuti kodi munthu wamba wa mumsewu akanaganiza. Lamulo limamuuza kuti aumbe munthu m'maganizo mwake: katswiri wodziwa ntchitoyo bwino lomwe, amene amadziwa zonse zimene anzake a ntchitoyo amadziwa, koma wopanda mphatso yotulukira zatsopano. Kenaka amubweze munthuyo m'mbuyo, ku nthawi imene chinthucho chinali chisanapangidwe, amupatse zimene zinali zitalembedwa kale, n'kufunsa: kodi ameneyu akanafika pamenepa?

Munthu ameneyu kulibe. Sadya, sakwera basi, sanadwalepo. Koma ndi amene amagamula.

Loya wa kampani yaikulu anaimirira. Anali bambo wofatsa, wa mawu otsika. Anatulutsa pepala lakale lolembedwa ndi akatswiri ena a dziko lina, amene pofufuza zawozawo ankafunditsa khungu la pa khutu ndi kawaya kamagetsi kuti magazi abwere pafupi. Kenaka anatembenukira kwa a Lameki. Ndikumasulirani mmene ndinamvera.

"Anamwino akapeza chala chozizira amachifunditsa. Si choncho?"

"Ndi choncho."

"Inu munamva kwa yani?"

"Kwa alamu anga. Ndi namwino."

Ndinangoweramitsa mutu, ngati kuti chipinda chonse chanditembenukira.

"Ndiye kuti namwino aliyense amadziwa zimenezi?"

"Inde."

"Tizihita ting'onoting'ono tinalipo kale pa msika?"

"Tinalipo."

"Nanga kachinthu kozimitsa moto kutentha kukafika pa mlingo wake, kodi si kamene kali mu ketulo ndi mu ayironi ya m'nyumba iliyonse?"

"Kamagwira ntchito mofanana."

"Ndipo pepala ili likuonetsa kuti ena anafunditsapo kale khungu ndi magetsi, osawotcha munthu?"

"Pa khutu, kwa kanthawi kochepa, dokotala ali pomwepo."

"Koma anafunditsa?"

"Anafunditsa."

Bamboyo sananame ngakhale pamodzi. Anangoika sitepe pamwamba pa sitepe, iliyonse yaifupi, yoti ngakhale wodwala nyamakazi akwera, mpaka tonse tinapezeka tili pamwamba osadziwa kuti takwera liti.

"Ndiye ndi pati," anafunsa mofatsa, "pamene panali povuta?"

A Lameki sanathamange monga ankaopera Tiyamike.

"Bwana, inu mwayambira kumathero n'kumabwerera m'mbuyo, ndiye njira yonse ikuoneka. Ine ndinayambira koyambirira. Aliyense amene ndinamufunsa anati ndiwotcha anthu."

Woweruza analemba kanthu. Ine mumtima ndinati tapambana.

Sitinapambane. Chigamulo chinatenga masabata, ndipo chinatuluka Lachinayi, kutatsala pang'ono msonkhano wa chinkhoswe uja. Patenti inafafanizidwa. Monga anandifotokozera a Lameki, woweruza anavomereza kuti iwo anali mboni yonena zoona ndiponso kuti anakhetsa thukuta. Koma lamulo silifunsa za thukuta la munthu mmodzi. Limafunsa za katswiri wa m'maganizo uja, ndipo woweruza anaona kuti ameneyo, atawerenga pepala lakale lija, akanayesa kufunditsa chala, ndipo akanayembekezera kuti zitheka.

Mwina mukuyembekezera kuti ndinyoze woweruzayo. Sinditero.

Ndinagwirapo ntchito pa chipatala china cha boma kumudzi ndisanabwere kuno. Makina oyezera mpweya m'magazi tinkangowaona ku fiyeta, kochitira opaleshoni. Ku wodi tinkayang'ana milomo, lilime ndi zikhadabo za mwana, n'kumapenekera. Ndikudziwa chimene mtengo wa chipangizo umatanthauza. Kampani iliyonse ikamaloledwa kumanga mpanda pa kasitepe kalikonse kakang'ono, munda wonse udzadzaza mipanda, ndipo olira adzakhala odwala a kwathu. Funso lakuti kodi izi sizinali zodziwikiratu lili ndi ntchito yake, ndipo ndi ntchito yabwino. Tsopano kampani iliyonse ikhoza kupanga kapegi kofunditsa. Mtengo ukatsika, mwina tsiku lina kadzafika ku Ntcheu kwa agogo awo a Lameki. Zimenezo sindingadandaule nazo.

Kaya woweruza analondola pa mlandu uwu kaya anaphonya, ine si loya. Mtima wanga uli ndi alamu anga, zimenezo sindibisa. Koma taonani mmene iye anafikira pa mawu amenewa. Anamvetsera akatswiri a mbali zonse. Anawerenga milu ya mapepala. Maloya a mbali zonse ziwiri ankamukumbutsa, ndipo iye mwini anabwerezapo, kuti achenjere ndi nzeru za pambuyo, chifukwa chinthu ukachiona chitapangidwa kale, maso amakunamiza kuti unkachidziwa. Munthu wophunzira chotero anaopa maso ake omwe. Anatenga masabata asanalembe kuti chodziwikiratu.

Ife pabalaza paja zinatitengera nthawi yopanira pegi pa chala.

Apa ndi pamene pali nkhani yanga ndi inu, abale anga.

Tili ndi chizolowezi. Munthu akachita chinthu chimene palibe anachichita, timayamba ndi kumuuza kuti sichingatheke. Chikatheka, sitipita kukamugwira chanza. Timadumphira kutsidya n'kunena kuti aliyense akanatha. Pakati pa "sizingatheke" ndi "n'zosavuta" sitiima ngakhale pang'ono kuti tinene kuti "wachita bwino".

Mukuwakumbukira Mayi Chisale a ku Croydon? Kwa zaka zambiri ife amayi ogwira ntchito za mashifiti tinkavutika ndi ana. Wina kusiya mwana kwa neba wosamudziwa bwino, wina kukana shifiti, wina kutumiza mwana kumudzi akulira. Mayi Chisale anakhala pansi, nafunsa aliyense masiku ake a ofu, nalumikiza mabanja awiriawiri a mashifiti osemphana kuti azilandizana ana. Poyamba tinati Amalawi sangagwirizane, zithera m'mikangano. Zinayenda. Lero ukatchula dzina lawo umamva wina akuti, "Aaa, nanga pamenepo pali nzeru? Si kungosinthana ana basi?"

Eya, ndi kungosinthana ana basi. Nanga zaka zonse zija munali kuti?

Mvula ikagwa kuchuluka zoliralira. Banja la wina likatha, aliyense ankadziwa kale kuti silipita patali, ngakhale amene anavina kwambiri pa ukwatiwo. Bizinesi ya wina ikayenda, aliyense anali nayo kale m'maganizo, kungoti nthawi inasowa. Mwana wa wina akakhoza mayeso, ndiye kuti mayeso a masiku ano aphweka. Timu ikagonja, mu basi yonse mumadzadza makochi.

N'chifukwa chiyani timatero? Ena ati ndi nsanje. Nsanje ilipo, koma ine ndikuona china chozama kuposa pamenepo. Kuvomereza kuti mnzako waona chinthu pamalo pamene iwe umadutsa tsiku ndi tsiku osachiona, kumawawa. Chinthu chikakhala chovuta kwambiri, monga kupanga ndege, sitivutika kuyamikira, chifukwa palibe amene angatifunse kuti bwanji iwe sunapange. Koma chikakhala chapafupi, chooneka ngati pegi, chimatiloza chala. Ndiye timachichepetsa msangamsanga chisanatichititse manyazi.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa nkhani ya zala zozizira, amene tinkamva m'mimba tinali ife anamwino, m'zipatala zonse za dziko lino. Tinkatikita zala m'mawa ndi masana. Koma chitseko anatsekula ndi munthu amene anangomva kubuula kwathu ali pa tebulo. Loya uja ananena zoona kuti namwino aliyense ankadziwa kufunditsa chala. Kudziwa tinkadziwadi. Koma kudziwa zinthu ziwiri n'kosiyana ndi kuzigwirizanitsa. Ufa ndi shuga zikhoza kukhala m'kabati imodzi chaka chonse, chitumbuwa osatulukamo.

Ndibwerere kukhitchini kuja, chifukwa ndinawatsatira alamu anga.

Ndinawapeza ataima pa sinki, madzi akungotuluka, makapu atatsukidwa kale.

"Alamu, madziwo ali ndi bilu," ndinatero.

Anatseka mpopi.

"Musawatengere Bambo Nkhoma," ndinapitiriza. "Amangocheza."

"Ayi, alamu, iwo sanandipweteke. Anena zimene anena ajaji, kungoti iwo anena mwaulere." Anaseka pang'ono, kenaka nkhope inagwa. "Abwana anatiitana dzulo. Akuti popanda patenti sangapikisane ndi akuluakulu aja pa mtengo. Ayamba kuchepetsa anthu chaka chisanathe. Ine akandichotsa, pemiti yapita. Tiyamike sakugona."

Ana awo awiri anabadwira konkuno. Ku famu kumene iwo anakulira kulibenso nyumba yoti angabwerereko, ndipo ku Ntcheu sanapondeko chibadwire.

"Pali china," anatero motsitsa mawu, akuyang'ana kuchitseko. "Sindinamuuze aliyense koma Tiyamike. Dzulo lomwelo ndinalandira foni. Mkulu wa mainjiniya wa kampani ija."

"Kampani iti?"

"Yomwe ija. Imene yatigonjetsa. Anali m'khoti tsiku lija, kumbuyo. Akuti ndipite tikacheze za ntchito."

Ndinakhala pa mpando umene unali pafupi.

"Alamu, ndimvetseni. Anthu amene alipira maloya kuti auze dziko kuti nzeru yanu aliyense akanaiganiza, akufuna inuyo?"

"Ndi zimenezo."

"Bwanji osangotola aliyenseyo pa siteshoni ya Ilford? Ali mbwee pamenepo."

Apa ndiye anaseka zenizeni, mpaka Tiyamike anasuzumira kudzaona chimene chachitika.

Koma kwa iwo sinali nkhani yoseketsa. Abwana achikulire aja ndi amene anawatenga ku Harare, nawavutikira mapepala, nawalola kuyesa chinthu chimene aliyense ankachiseka, nalemba dzina lawo pa patenti pamene mabwana ena akanangolemba lawo lokha. Kupita kwa adani awo kunkaoneka ngati kuwalavulira kumaso.

"Ndikapita ndine Yudasi," anatero. "Ndikakhala, ana anga ndiwapititsa kuti?"

"Musasankhe muli kukhitchini," ndinawauza. "Ndipo musapite mobisa. Kawauzeni abwanawo pamaso. Munthu amene anakuchitirani zonsezo ayenera kumva kwa inu, osati kwa ena."

Lolemba anapitadi. Anandiimbira ndili pa buleki. Akuti abwanawo anamvetsera mpaka kumapeto, navula magalasi. Kenaka anati iye sangalonjeze kuti kampani ikhalapo chaka chamawa, ndipo sangalole kuti ana a munthu athamangitsidwe m'dziko chifukwa chomuchitira iye ulemu. Anawauza kuti apite, ndipo akakambe za malipiro molimba mtima, asakagwade.

Lachitatu anakaonana ndi mkulu wa mainjiniya uja. A Lameki akuti anali atakonzeka kumva mawu onyada, koma munthuyo sanatchule za mlandu mpaka iwo eni atayambitsa. Yankho lake linali lalifupi. Anati za maloya n'za maloya, iye akufuna munthu amene akauzidwa kuti chinthu sichingatheke amapita kukayesa. Ntchito awapatsa, ndipo za pemiti akonza ndi kampaniyo. Malo ake ali kunja kwa London, ndiye banja lisamuka. Tiyamike akulira ndi diso limodzi, linalo likuseka. Ine ndataya kumene ndinkakadya Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.

Patenti sibwerera. M'mabuku a khoti mudzakhalabe molembedwa kuti nzeru ija inali yodziwikiratu, ndipo kampani yaing'ono ija mwina siiona chisanu china. Anzawo a Lameki angapo ntchito iwathera, ndipo iwowo palibe amene wawaimbira foni. Sindikufuna kukunamizani kuti zonse zatha bwino.

Koma taonani mmene anthu a ndalama amachitira. Pakamwa pawo, m'khoti, akuti aliyense akanatha. Pofika polemba ntchito, akudziwa bwino lomwe kuti si aliyense. Iwo mawu aja anawalankhula kuti apambane mlandu, ndipo atapambana anawasiya pakhomo la khoti. Ife timawalankhula popanda chopindula chilichonse, kwa m'bale wathu yemwe, ndipo timawakhulupirira.

Zimenezi zili ndi mtengo wake. Mwana amene wakulira pabalaza pamene chilichonse chatsopano chimalandiridwa ndi "basi?" amaphunzira msanga kusunga maganizo ake m'mimba. Adzayeseranji, ngati akalephera tidzati tinanena, ndipo akapambana tidzati n'zosavuta? Kenaka timadabwa kuti bwanji zipangizo zonse za m'zipatala zathu zimachokera kwa eni ake, ife ntchito yathu n'kungozipana pa zala za anthu.

Sindikupempha kuti tiziombera m'manja chilichonse. Zina n'zodziwikiratudi, ndipo wina akafuna kumanga mpanda pa chitsime cha mudzi wonse tiyenera kumuletsa. Ndikungopempha kuti tisanatsegule pakamwa tichite chimene woweruza uja anakakamizidwa kuchita. Tibwerere m'mbuyo, ku tsiku limene yankho linali lisanaoneke, tidzifunse moona mtima kuti tsiku limenelo ife tinkanena chiyani.

Kapena tiyese njira ina, yachidule.

Kuntchito kwanu, kaya ndi mu wodi, kaya ku nyumba yosamalira okalamba, kaya m'sitolo, kaya pa geti, pali chinthu china chimene chimakusautsani tsiku lililonse. Mwachidandaula kwa akazi anu, kwa amuna anu, kwa anzanu a mu basi. Mwachizolowera moti mwayamba kuchiona ngati nyengo. Tsiku lina munthu wina adzachikonza ndi kanthu kakang'ono kochititsa manyazi, ndipo inu mudzati, "Chimenecho ngakhale ine ndikanaganiza."

Chabwino. Munthuyo sanabwerebe. Mpata ndi wanu.

Yankho lake n'chiyani?